Mukanaonetsa Yaifupi Yokha

Chilomoni, Blantyre
2 Seputembala 2024

Akulu anga a Monica,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumudziko, amayi, abambo, alamu ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kungoti maso akuwawa chifukwa chokhalira kompyuta masabata atatu.

Filimu ya zaka makumi asanu za ukwati wa abambo ndi amayi yatha. Ili mu fulashi imene ndakulunga m'kalata muno, ndipo ndapatsira a Joseph oyendetsa lole ya mtedza aja. Musaipereke kwa ana anu, angafufute n'kuikamo nyimbo zawo.

Mukatsegula mupeza mafilimu awiri. Yaifupi, ya mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndiyo yoonetsa anthu Loweruka. Ndaikonza ndi mtima wonse. Muli abambo akufotokoza mmene anafikira pachikamwini ku Nsaru ali ndi sutikesi imodzi, muli amayi akuseka mpaka kubisa nkhope ndi chitenje. Mukaiona mulira, ndikukudziwani. Yaitali ndi zonse zimene kamera inajambula tsiku lija ndinali kumudzi, zosadula: nkhuku, mbuzi, inuyo mukukalipira ana. Inenso sindinaionere yonse, ndinangotapamo malo amene ndinkawafuna. Imeneyo ndi yongosunga.

Tsopano nkhani yoti mundikwiyire. Loweruka lomwelo ndili ndi ukwati wojambula ku Zomba, ndipo eni ake ndinagwirizana nawo kalekale. Sindibwera. Muwafotokozere amayi mwaulemu, musathirepo tsabola wanu uja. Mundilembere zonse mmene ziyendere, ndani avale chiyani, ndani avine mpaka kugwa.

Ndine mng'ono wanu,
Tamanda


Nsaru
9 Seputembala 2024

Tamanda,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino, osati chifukwa ndikufuna. Pafoni dzana ndinangokukalipira osakufotokozera kanthu, ndipo nkhani iyi si yonena pafoni ana atatchera khutu. Khala pansi uwerenge.

Kutchalitchi zonse zinayenda bwino. Abusa anawadalitsa, abambo atavala suti yawo yakuda ija, amayi diresi loyera limene ndinawasokera ine. Amayi a Chigwirizano anaimba mpaka mawu kusasa. Titadya, cha m'ma 2 koloko masana, tinalowa m'kalasi yaikulu ya kusukulu kumene ndimaphunzitsa. Mawindo tinatchinga ndi mapepala akuda a pachigafa cha fodya, pakhoma tinapachika nsalu yoyera ya pabedi, a hedimasitala n'kuliza jenereta. Anthu anadzaza mpaka pakhomo.

Yaifupi ija inakoma, ndisaname. Ndinalira monga unanenera. Koma itatha anthu anakana kutuluka. Ati tachokera ku Mpingu, ku Kasiya, kudzaona kanthu kotha tisanakhazikike n'komwe? Mafuta mu jenereta analimo. Ndiye ineyo, ndi pakamwa pangapa, ndinauza a hedimasitala kuti aike yaitali. Ichi ndikuvomera, koma usafulumire kukondwa, chifukwa wosiya kamera ikujambula anthu osadziwa ndiwe.

Poyamba anthu ankangoseka nkhuku. Kenaka panaoneka amayi ali pakhonde ndi amayi aang'ono a Elizabeti, akuswa mtedza. Unamveka iwe ukunena kuti ukupita kudimba kukaitana abambo, n'kuchoka. Kachipangizo ka mawu kaja unakasiya pa kolala ya amayi. Iwo ankayesa kuti wojambula akachoka ndiye kuti makinanso apuma. A Elizabeti, pakamwa pawo paja, anafunsa moseka ngati zokoma zonse zimene amayi anakuuza zinali zoona, n'kuwonjezera kuti, nanga Alufeyo? Amayi manja anaima. Ndikulemba mawu awo monga anamvekera, chifukwa sakuchoka m'mutu mwanga:

"Alufeyo ndiye ndinamukonda ine, Eliza. A Mwale ndi munthu wabwino, sanandimenyepo, sanandigonetsepo ndi njala. Koma ndinawalola chifukwa cha manyazi. Munthu wakubwezera chikole, mudzi wonse ukukuseka, ukanatani iwe? Zaka makumi asanu izi, koma mpaka lero ndimamulota. Ndikadzidzimuka ndimapeza a Mwale, ndiye ndimangodzuka kukasonkha moto."

Ndinathamangira kutsogolo. A hedimasitala posokonezeka anazula waya wa chithunzi, mawu n'kumapitirirabe, amayi akusisima pa sipika mudzi wonse ukumva. Pamene ndinkafika panja kukathimitsa jenereta n'kuti zonse zitamveka kale.

Titachotsa mapepala m'mawindo, amayi anali chikhalire, maso pansi, maluwa ali m'manja. Abambo anaimirira, anavala chipewa, n'kutuluka pang'onopang'ono anthu akuwapatukira. Dzulo m'mawa, belu la tchalitchi likulira, anamanga kachikwama panjinga n'kupita kwawo kuseri kwa Kabudula. Foni anaisiya patebulo. Kwawo kwake kuti, Tamanda? Munthu anachokako zaka makumi asanu zapitazo kudzakhala pachikamwini kuno. Munda ndi wa amayi, nyumba ili pamalo pa amayi. Uko kwangotsala Mable, mwana wa mlongo wawo.

Dzina la Alufeyo ine ndinali ndisanalimvepo chibadwire. Ndinawapanikiza a Elizabeti mpaka anaulula. Akuti anali mnyamata wa ku Nambuma amene anatomera amayi mu 1972, kenaka n'kupita kumigodi ku Joni pamodzi ndi abambo, poti anali mnzawo wa ponda apa n'pondepo. Iwe wa m'tauni mwina chikole suchidziwa. Kale otomerana ankapatsana kanthu kogwira, ndipo kanthuko kakabwezedwa ndiye kuti chibwenzi chatha, popanda kufunsanso. Amayi anamupatsa kampango koyera kamene anapeta okha ndi ulusi wofiira. Kumayambiriro kwa 1974 abambo pobwerera kumudzi anabwera ndi kampangoko, n'kukakapereka kwa atsibweni a amayi. Amayi akuti anakaponya pamoto tsiku lomwelo. Chaka chisanathe, abambo omwewo anali atawakwatira. Alufeyo akuti anamwalira kalekale.

Ine wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi ndikumva lero kuti amayi anga akhala akulota mwamuna wina moyo wanga wonse. Kusukulu lero sindinaphunzitse, ndinangopatsa ana masamu n'kukhala pampando. Uwalembere abambo, iwe ndiwe amakumvera.

Monica


Chilomoni, Blantyre
12 Seputembala 2024

Okondedwa abambo,

Ndagwada pokulemberani kalata iyi. Kodi muli bwanji kumene muliko? Kodi mankhwala anu a kuthamanga kwa magazi munanyamula?

Wolakwa ndine. Ndinasiya makina akujambula, ndipo ndinatumiza zinthu zimene sindinazionere. Amayi sanadziwe kuti akumveka. Chonde musawalange chifukwa cha kupusa kwanga.

Filimu yaitaliyo ndaionera tsopano, katatu. Ndikudziwa kuti zikupweteka kumva mkazi wanu akutchula mwamuna wina pamaso pa mpingo umene mwautumikira ngati mkulu zaka makumi atatu. Mwamuna aliyense akanachita nsanje, palibe angakudzudzuleni. Koma taganizani, abambo. Munthu ameneyo anawataya amayi, anawabwezera chikole ngati chinthu chotha ntchito. Amene anawatola pamene mudzi unkawaseka ndinu. Amene anakhala nawo pamene tinataya achimwene a Lazaro ndinu. Maloto munthu sachita kusankha. Kwa ine ngwazi ya nkhani iyi ndinu, ndipo Alufeyoyo anali munthu wamantha amene analephera ngakhale kulemba kalata yotsanzika.

Bwererani kunyumba. Mukafuna ndisiya ntchito zonse ndidzakutengeni ndekha. Mundiyankhe, ngakhale mizere iwiri yondikalipira, bola ndidziwe kuti muli bwino.

Ndine mwana wanu,
Tamanda


Nsaru
25 Seputembala 2024

Tamanda,

Tili moyo, koma osati bwino. Kodi abambo anakuyankha? Kuno sanatumize ngakhale moni.

Ukudziwa kuti ukwati ukagwedezeka anthu amathamangira kwa ankhoswe. Ndakhala pansi n'kuganiza: ankhoswe onse awiri a ukwati uwu ali kumanda, wina kuyambira 1991. Ndani anaganizapo kuti ukwati wa zaka makumi asanu udzafunanso nkhoswe? Ndiye abusa anatuma akulu a mpingo awiri ku Kabudula. Tangoganiza, anthu amene maukwati awo anawakonza ndi abambo omwewo, lero akawalangize. Anabwerako chimanjamanja. Akuti abambo anawalandira bwino, anapemphera nawo, koma pa nkhaniyo anangoti a Nambewe alibe mlandu, ndipo kunyumba sabwerera. Nanga ngati amayi alibe mlandu, iwo athawa chiyani? Ine ndikuti ndi kunyada kwa amuna basi.

Lamlungu ndinapitako ndekha kukapereka mankhwala, poti anawasiya pawindo. Ndinawapeza akugona m'kakhitchini ka Mable, pamkeka, pambali pa matumba a chimanga. Masabata awiri okha koma kolala ya malaya yakula. Mable akuti chakudya amangonyema pang'ono n'kukankha mbale. Ndinawakalipira, ndinalira, ndinagwada. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akudikira kuti ndinene chinachake, kenaka anangondifunsa ngati nazale ya fodya tikuithirira. Munthu ameneyu akakhala kumeneko mpaka dzinja, tidzakamutenga m'bokosi.

Amayi nawo andidabwitsa. Ndinkayesa adzadzitsekera m'nyumba, koma akudzuka m'mamawa, kuthirira nazale, kupita kumjigo anthu akunong'onezana kumbuyo kwawo. Ku Chigwirizano kokha ndiko asiya. Nditawapempha kuti akapepese, anandiyankha kuti kupepesa adzapepesa chifukwa cha manyazi amene abambo anaona pagulu, koma sanganene kuti mawu aja anali onama. Tsiku lililonse akumapakulabe chakudya cha anthu awiri, chotsalacho n'kupatsa ana anga.

Pamsika nkhani ndi yathu. Ena akuti filimu ija unaikonza dala kuti ukaigulitse ku wailesi ya kanema. A Elizabeti athawira kwa mwana wawo ku Namitete, ati kukadwazika mdzukulu, chonsecho mdzukuluyo ndinamuona Lachisanu akusewera mpira. Mayi wina anachita kundiimika kundifunsa ngati tidzaionetsenso, poti iye anaphonya. Ndinangotsala pang'ono kumugenda ndi tomato.

Ukamva chilichonse undiuze msanga.

Monica


Kabudula
17 Seputembala 2024

Mwana wanga Tamanda,

Kalata yako ndalandira. Moyo ndili nawo, ndipo ndikhulupirira Ambuye akukusunga. Usadzivutitse, makina ako sanalakwe. Anangonena zimene zinalipo.

Wanditchula ngwazi. Mawu amenewo andipweteka kuposa amene ndinamva m'kalasi muja, ndipo ndi amene andichititsa kugwira cholembera. Nonse mukuti ndachoka chifukwa cha nsanje. Si choncho ayi. Werenga bwino.

Alufeyo sanabweze chikole. Ndinachita kuba ine.

Ku Joni tinkagona chipinda chimodzi. Kampango kaja ankakasunga m'bokosi lake lachitsulo, pakati pa Baibulo, ndipo Lamlungu lililonse ankakatulutsa n'kumandiuza za Ellen, amayi akowo: mmene amaimbira, mmene amasekera, nyumba ya malata imene adzamumangire. Ine amayi ako ndinali nditawaona kamodzi kokha, pamsonkhano wa mpingo, koma nkhani za Alufeyo zinandilowa mpaka ndinayamba kuwafuna ngati ndine ndinawatomera. Nthawi yanga yobwerera kumudzi itakwana, iye n'kuti kwamutsalira chaka, poti anawonjezera nthawi kuti apeze ndalama za nyumba ija. Tsiku lonyamuka iye anali pansi mumgodi. Ndinkadziwa pamene ankabisa kiyi. Ndinatsegula bokosi, ndinatenga kampango, ndinatsekanso bwinobwino.

Nditafika ku Nsaru ndinakapereka kwa atsibweni a amayi ako. Anandifunsa kuti mwini wake watuma mawu otani. Ndinati palibe mawu. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzitonthoza kuti pakamwa panga sipanatuluke bodza. Makalata a Alufeyo anabwera awiri pambuyo pake, koma atsibweniwo mwa ukali anawang'amba osatsegula. Yachiwiriyo anaing'amba ine ndilipo, ndinangoyang'ana.

Alufeyo anabwerako mu 1975, amayi ako ali ndi pakati pa Monica. Anandipeza ndekha kudimba. Ndinkayesa andikhapa ndi khasu, ndipo kunena zoona zikanakhala bwino. Anangoti, "Frackson, kampango kanga kanasowa tsiku limene unanyamuka iwe." Kenaka anati, "Ndamuona pachitsime, wandifulatira. Ali ndi pakati, sindimusokoneza. Umusunge bwino." Anapita kwawo ku Nambuma, ndipo sanauze munthu mpaka anamwalira mu 2009. Kumaliro ake ndinapita ndekha. Ndinawapempha amayi ako kuti tipitire limodzi, anati sangalire munthu amene anawataya ngati nsanza.

Kuwasunga ndinawasunga bwino, mwana wanga, pamenepo ndinayesetsa. Ndinkadziuza kuti anamuiwala, kuti anandikonda pambuyo pake, ndiye kuti cholakwa changa Mulungu anachisandutsa chabwino. Ndi mtima umenewo ndinavomera ukulu wa mpingo, n'kumalangiza achinyamata za kukhulupirika. Loweruka lija ndinamva ndi makutu anga kuti chilonda chimene ndinapanga ine sichinapole ngakhale tsiku limodzi. Amayi ako akhala akudana ndi munthu wosalakwa, uku akumulira, uku akundiphikira ine. Sindingathenso kulandira mbale kuchokera m'manja mwawo.

Kuwauza ndekha ndalephera. Ndinayesa m'mawa uja ndisananyamuke, lilime linakana. Kalata iyi ndaika m'manja mwako. Ukaona kuti ndi bwino aidziwe, uwapatse. Ukaona kuti iwapha, uiotche, ine ndifere kuno anthu akunditcha wansanje. Dzina limenelo ndi lopepuka kusiyana ndi langa lenileni.

Ndine bambo ako,
Frackson Mwale


Chilomoni, Blantyre
5 Okutobala 2024

Akulu anga,

Muli bwanji? Ine sindili bwino. Abambo anandiyankha kalekale, pa 17, koma amuna a Mable anaiwala kalatayo m'thumba la jekete masabata awiri. Yandipeza dzulo. Pamene inu munkawakalipira m'kakhitchini muja, n'kuti iwo akudikira kumva ngati ndakuuzani. Tsopano ayenera akuyesa kuti ndinaiwerenga n'kusankha kuiotcha.

Ndaiika mu envulopu momwemu. Muwerenge muli chokhala. Ine nditamaliza ndinangopezeka ndakhala pasimenti, sindikudziwa kuti ndinafikapo bwanji. Lero ndinali ndi chinkhoswe chojambula, ndatumako mnzanga.

Andisiyira ine kuti ndisankhe. Ntchito yanga ndi kudula zoipa kuti zotsala zikongole, ndipo zoiotcha ndaziganizira, ndisakubisireni. Koma amayi akhala zaka makumi asanu akuyesa kuti anakanidwa. Ine ndikuti apatsidwe. Ngati mukuona mwina, inu ndinu aakulu ndipo muli nawo pafupi. Chilichonse chimene muchite, mundidziwitse.

Tamanda


Nsaru
11 Okutobala 2024

Tamanda,

Moni mng'ono wanga. Ukali wanga wonse uja watha, ndatsala wopanda mawu, ndipo ukudziwa kuti kwa ine chimenecho ndi chachilendo.

Kalata ija ndinayenda nayo masiku awiri m'chikwama cha kusukulu. Ndinaiwerenga kasanu kufuna kupeza pamene abambo akunama, osapapeza. Abambo athu, Tamanda, amene anandikwapula ndili Sitandade 3 chifukwa chotola pensulo ya mnzanga. Ndikaganizanso kuti akanapanda kutsegula bokosi lija iwe ndi ine sitikanabadwa, mutu umangozungulira. Ndiwakwiyire kapena ndiwathokoze?

Lachitatu masana ndinawapatsa amayi ali pansi pa mtengo wa mango. Anavala magalasi, anawerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedera. Atamaliza anayambiranso. Ine ndinali nditakonzeka kuwagwira akakomoka. Sanakomoke. Anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati mwana wamng'ono, nati:

"Ndiye kuti sanandikane?"

Ndinati ayi amayi, sanakukaneni. Anafunsanso kawiri, funso lomwelo. Kenaka analira kulira kumene sindinakuonepo, ngakhale pamaliro a Lazaro. Anthu oyandikana nawo anathamanga poyesa kuti abambo amwalira, ine n'kukawabweza pachipata.

Dzulo tsiku lonse sanadye, anangondituma ndikafunse za abale a Alufeyo kwa mphunzitsi mnzanga wa ku Nambuma. Lero m'mawa aitanitsa pepala ndi cholembera. Akulemba okha, ndipo andikaniza kusuzumira. Ati mawa ndikapereke ku Kabudula, m'manja mwa eni ake. Sindikudziwa ngati ndikunyamula chikhululukiro kapena kutha kwa ukwati, ndipo ndikuopa. Upemphere.

Monica


Nsaru
11 Okutobala 2024

A Mwale,

Moni. Ndamva kuti simukudya. Idyani, chifukwa ndikukufunani amoyo.

Kalata imene munalembera mwana ndawerenga. Inayenera kubwera kwa ine, osati kwa mwana, ndipo inayenera kubwera kalekale.

Tsiku lija pachitsime Alufeyo anandipatsa moni. Anati, "Ellen, ndafika." Ine ndinalavula malovu pansi n'kumufulatira, ndowa isanadzaze. Kumeneko ndiko kuonana kwathu kotsiriza. Anapita nazo kumanda, ndipo inu munkadziwa. Munandisiya ndikane maliro ake, munabwerako n'kudya chakudya changa. Za kampango mwina ndikanati unali unyamata. Koma nthawi ya maliro ija munali ndi imvi, a Mwale, munali mkulu wa mpingo. Zimenezo ndiye zandipyoza mtima.

Komanso sindinganame kuti zaka makumi asanu sizinachitike. Munandibereka kumsana kupita nane kuchipatala nthawi ya Tamanda, mtsinje utadzaza. Lazaro tinamulira awiri. Zimene ndinanena pamakina paja ndi zoona, koma si zonse. Masabata asanu awa nyumba yakula, ndipo ndikamva njinga panja ndimaimirira. Ndakwiya nanu kwambiri, ndiponso ndakusowani. Zonse ziwiri zili mumtima umodzi.

Zobisala m'khitchini mwa Mable n'kufera momwemo sindikulolani. Kumeneko ndi kundilakwira kachiwiri, n'kundisiyira dzina la mkazi amene anapha mwamuna wake ndi pakamwa.

Ndafunsa, akuti mlongo wake wa Alufeyo ali moyo ku Nambuma. Lachinayi m'mawa mudzandipeze pasiteji ya minibasi. Ndikufuna kukaona pamene anagona, ndikamuyankhe moni uja. Mukudziwa kuti kumanda a eni ake munthu salowa chilowelowe. Abale ake adzatikhazika pamkeka n'kufunsa chimene tadzera patapita zaka zonsezi. Ine ndidzakhala chete. Woyankha mudzakhala inu, ndi pakamwa panu, kuyambira pa kiyi wa bokosi mpaka kumapeto, ine ndikumva. Mukapanda kubwera ndipita ndekha, ndipo kunoko musadzafikenso.

Mukayankha adzatitsogolera kumandako. Ndikamalira mudzaime pomwepo, musadzanditonthoze. Ndikamaliza tidzabwerera limodzi kuno kunyumba kwanu. Panjira musadzandifunse ngati ndakukhululukirani, chifukwa sindikudziwa.

Ndine mkazi wanu,
Ellen Nambewe